Buluzi Wandevu Amene Anandichotsa ku South Bend

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anasunga manja awa pa ntchito zonse zimene anagwira, kuyambira pa anapiye a ku famu kuja ku Dowa mpaka pa abuluzi a kuno ku Indiana. Iye ndi amene anandidzutsa m'mawa uliwonse, ndipo pamene anthu anandifulatira sanandifulatire. Ndikuthokozanso iwe Tadala mwana wanga, chifukwa cholimbikira kuti ndilembe. Chigawo chino uwawerengere adzukulu anga pang'onopang'ono, Chichewa amamva ngakhale amayankha m'Chingerezi. Ndikufuna adziwe kuchokera kwa ine chimene chinandichotsa ku South Bend, popeza za ena amva kale.

2011, South Bend

Ndinafika kuno ndili wamasiye. Tadala anali nesi pa chipatala cha m'tauni, ndipo ankafuna kuti ndizingokhala pakhomo n'kumapuma. Kukhala kunandikanika. Ndinkachoka pawindo ili kupita pawindo ilo ngati nkhuku yosowa poikira, mpaka mapepala anga atatheka ndinapeza ntchito m'sitolo yogulitsa ziweto zazing'ono. Ndinkakwera basi, kusinthira ina m'tauni, mphepo yochokera kunyanja ikundilowa mpaka m'mafupa. Bwana wanga anali a Ronda, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, amene ankapumira kuseri kwa sitolo ndudu ili m'manja. Atamva kuti kwathu ndinalera anapiye pansi pa nyale zaka zambiri, anati munthu wodziwa kutentha kwa nyale ndi amene ankamusowa. Ine ndinkayembekeza mbalame kapena mbira. Ananditsegulira chipinda chofunda chodzaza mathanki agalasi, ndipo m'thanki iliyonse munali abuluzi.

Anali a mtundu wa gulo, ochokera ku zipululu za ku Australia, okhala ndi timinga pakhosi tooneka ngati ndevu. Kwathu gulo timamugenda akatigwedezera mutu pamtengo, sindinkaganiza kuti pali dziko limene munthu angamugule, kumupatsa dzina n'kumugoneka m'nyumba. Sabata yoyamba ndinkapemphera kaye ndisanalowetse dzanja. Ntchito inali yoyatsa nyale zawo, kuyesa kutentha, kupukuta magalasi, kuwaduladula masamba ndi kuwapatsa tinkhululu tamoyo tobwera m'makatoni. Nditauza a Ronda kuti kwathu nkhululu timakazinga tokha, anaseka mpaka kutsokomola, nati ndisamalize chakudya cha katundu wawo.

M'chipinda chimenechi ndi mmene ndinaona koyamba chinthu chimene chinadzasintha moyo wanga. Kabuluzi kakang'ono, kosaposa chala kutalika kwa thupi lake, kanaima ndi miyendo itatu panthambi, n'kukweza dzanja limodzi lakutsogolo pang'onopang'ono, kulizunguliza m'mwamba ngati munthu wosambira, kenako kulitsitsa. Kanateronso ndi dzanja linalo. Makasitomala ankakondwa nazo, ankati kakupereka moni. Ine, poleredwa kuti moni sauponya pansi, ndinkayankha kuti ndili bwino kaya inu. A Ronda atandipeza ndikutero anandikoka dzanja n'kundiimika pafupi ndi thanki ya buluzi wamkulu wamphongo. Anachotsa pepala limene linkatchinga pakati pa iye ndi tiana. Wamkuluyo anadetsa ndevu zake, kuzitukumula, n'kuyamba kugwedeza mutu mwamphamvu. Nthawi yomweyo tiana tija tinayamba kukweza manja.

Anandifotokozera kuti si moni ayi. Wogwedeza mutu akunena kuti malo ano ndi ake. Wokweza dzanja akunena kuti, ndakuonani, ndine wamng'ono, musandilume. Ndinamva msanga, chifukwa ngakhale kwathu mwana amawomba m'manja n'kunjuta akamadutsa pamaso pa akulu. Anatinso tiana timatero tikaona chithunzi chawo pagalasi, kapena chilichonse chachikulu chikatiimirira pamwamba, poyesa kuti ndi mbalame yolusa. Kakamatero mwa apo ndi apo palibe vuto. Koma kakamangokweza dzanja tsiku lonse, kosadya, ndiye kuti pali chimene chikukaopsa, ndipo uyenera kukapatula, kutchinga magalasi, ndi kukafikira cham'mbali dzanja lili pansi. Mawu amenewa ndinawabwereza kwa makasitomala zaka zanga zonse za ntchito. Ena ankamva, ena ankakonda kukhulupirira za moni.

2014

Chaka chimenecho chinayamba ndi chisanu chimene sindinachionenso. Magalimoto a katundu ankalephera kufika, ndipo katoni ya tinkhululu ikafika, tambiri tinali titafa ndi kuzizira. Ine ndi a Ronda tinkagawira tianato tinkhululu tochepa tomwe tatsala, titayesa mphutsi ndi masamba, koma tiana ta abuluzi timafuna chakudya choyenda, ndipo tikamva njala timalumana. M'thanki ina munali kamodzi kochepetsetsa, kamene anzake anakadula zala ziwiri ndi nsonga ya mchira. Kankakhala pakona, dzanja m'mwamba kuyambira m'mawa, kupepesa kwa aliyense, ndipo nyale yofunda anzake ankakalanda pokakhalira pamsana. A Ronda anati kameneko sikangagulidwe, ndipo kakakhala pamenepo sikafika Pasaka. Anandilola kukatenga. Ndinakatcha Kamzime, n'kukaika m'thanki yakeyake pabalaza pathu, pafupi ndi windo.

Masiku amenewo Amalawi a ku South Bend tinkasonkhana Loweruka masana kupemphera m'Chichewa, nyumba ndi nyumba mosinthana. Kwa ine msonkhano umenewo unali mudzi, unali mpingo, unalinso abale. Ndinkapita ndi chigumu, ndipo mbale inkabwerera yopanda ngakhale nyenyeswa. Amene ankatitsogolera anali a Kamwendo, bambo wamtali wandevu zambiri, yemwe anadzandichingamira ku bwalo la ndege tsiku limene ndinafika. Anali ndi kapempheredwe kawo: manja m'mwamba, mutu ukugwedezeka mwamphamvu pa mawu alionse, ngati akukhomera pempherolo ndi msomali.

Loweruka la kwathu litafika, anthu anachuluka, ndipo a Kamwendo anasowa poima mpaka anakaima pafupi ndi thanki. Pemphero lili mkati, akazi awo anatsegula maso. Anaona Kamzime kali panthambi, kakuyang'anitsitsa amuna awo, kakukweza dzanja lamanja pang'onopang'ono, kulitsitsa, kulikwezanso. Sanakuwe. Anangowakoka jekete amuna awo n'kuwasunthira pakhomo, ndipo pemphero linathera panjira. Ndinayesa kufotokoza zimene a Ronda anandiphunzitsa, koma anthu anali akuvala kale makhoti. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti kanthu kaja kamawakodola.

Mwezi usanathe a Kamwendo anagwa kuntchito. Inali sitiroko, ndipo dzanja limene linafa linali lamanja.

Palibe amene ananditchula mawu aja oti mfiti pamaso. Koma ine ndinakulira kumudzi, ndinaona zimene mawuwo amachita kwa mkazi wamasiye wokalamba, ndipo sindinkafunika kuwamva ndi khutu. Nyumba yathu anayamba kuidumpha pa kasinthasintha wa mapemphero. Moni anafupika. Amayi amene ankandipatsa makanda awo kuti ndiwanyamule anayamba kuwabereka okha ndikalowa. Chigumu changa chinabwerera chathunthu Loweruka lina, n'kubwereranso Loweruka lotsatira, chitangodulidwa kagawo kamodzi kamene anadya Tadala. Tulo tinandithawa. Kuntchito ndinkapukuta galasi limodzi kawirikawiri mpaka a Ronda anandifunsa ngati ndikufuna kulibowola.

Tsiku lina Mayi Kamwendo anabwera kunyumba. Anakana kulowa pabalaza, tinakhala kukhitchini. Anali ataonda, maso ofiira ndi kudwazika, ndipo ndinawamvera chisoni chenicheni.

“Amayi a Tadala, ife sitikunena kanthu,” anatero. “Koma chinthu chija chichoke. Muchiphe ife tikuona, tipemphere pamodzi, nkhani ithe. Mubwerere pakati pathu.”

“Ndikachipha inu mukuona, ndiye kuti ndavomera chiyani?”

“Zimenezo mukudziwa nokha ndi Mulungu wanu.”

Atachoka, Tadala anandikhalira pansi. Anati iye ndi nesi, amadziwa kuti sitiroko siibwera ndi buluzi, koma watopa ndi kuyang'anidwa m'mbali. “Amama, kangokadiropani kushopu basi, anthuwa asiye kutisitiresa,” anatero. Ndinamuyankha kuti ndikakabweza adzati ndakakabisa kuntchito, ndipo adzayamba kuwerenga amene adwale pambuyo pake. A Ronda nawo anati malo a buluzi wolumala m'sitolo palibe. Koma anandiuza kuti mwini sitolo akutsegula ina ku Indianapolis, ndipo akufuna munthu woyang'anira chipinda chonse cha abuluzi. Anati akhoza kunditchula.

Pa ntchito zanga zonse sindinavutikepo ndi chosankha ngati nthawi imeneyo. Malemba amene ndinawadalira moyo wanga wonse ankandikokera mbali ziwiri. Mbali ina ndinkamva kuti ndisakhale chokhumudwitsa kwa m'bale wofooka, ndipo kabuluzi n'chiyani poyerekeza ndi mtendere wa ana a Mulungu? Mbali ina ndinkamva kuti Iye amene analenga zokwawa zonse anaziyang'ana n'kukondwera nazo, ndiponso kuti umboni wonama ndi tchimo ngakhale ukudzinamizira wekha. Ndikanapha Kamzime pamaso pawo, akanandilandira, koma akanandilandira ngati mfiti yolapa, ndipo dzina limenelo likanatsalira Tadala ndi ana ake. Ndinasala kudya, ndinagwada, ndinayenda m'mbali mwa mtsinje mpaka mapazi kuchita dzanzi. Yankho lomveka ngati mawu silinabwere. Chimene chinabwera ndi chakuti m'mawa wina ndikutsegula thanki, Kamzime sikanakweze dzanja. Kanayenda kokha n'kukwera pachikhatho changa. Ndinadziwa kuti chinthu chimene chasiya kundiopa sindingachiphe kuti ndigule malo pa mpando wa mapemphero. Ndinauza a Ronda kuti anditchule. Kaya chinali chikhulupiriro kaya kunali kuthawa, mpaka lero sindinganene motsimikiza.

2015, Indianapolis

Ndinapeza kachipinda ku Speedway, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto, ndipo pa ukalamba wanga ndinaphunzira kuyendetsa galimoto, chifukwa basi kumeneko sizinkagwirizana ndi nthawi ya nyale za abuluzi. Bwana watsopano anali wachinyamata, wosakhazikika ngati ine ndemwe. Mwezi uliwonse ankasuntha mashelufu, ndipo ankakonda kuyang'anizitsa thanki ya tiana ndi ya akuluakulu chifukwa makasitomala ankasangalala kuona manja akukwezedwa. Ndinkabwezera pepala pakati, iye n'kulichotsa, ine n'kulibwezera. Tinakokanakokana mpaka tinagwirizana kuti pepala lizichoka Loweruka lokha kwa kanthawi. Mwezi wa Meyi ukafika, tauni yonse inkanjenjemera ndi phokoso la magalimoto a mpikisano, ndipo ndinkaphimba thanki ya kunyumba ndi chitenje.

Ntchito inkayenda bwino, koma mtima unalibe pokhala. Amalawi ku Indianapolis analipo ambiri, koma ndinkawazemba, podziwa kuti nkhani imathamanga kuposa galimoto. Ndinkapemphera m'tchalitchi cha eni dziko, anthu abwino, koma nyimbo zawo zinkathera pakhosi osafika pamtima. Ndinasamuka nyumba kawiri popanda chifukwa chomveka. Chichewa ndinkalankhula ndi Tadala pafoni, ndiponso ndi Kamzime. Iyeyo anakula, anapezeka kuti ndi wamphongo, ndipo kukweza dzanja anasiyiratu monga amachitira amphongo ambiri akakula. Tsopano ankandigwedezera mutu ndikachedwa ndi chakudya. Mpiru tinkagawana, wake wosaphika, wanga wotendera.

2017, Beech Grove

Tadala anandiimbira kuti a Kamwendo ndi akazi awo asamukira kwa mwana wawo ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, kuti azikhala pafupi ndi kumene ankawaphunzitsa kugwiritsanso ntchito ziwalo. Ndinakhala ndi nkhaniyo ngati munga m'chala. Kuona odwala ndi lamulo, silinena kuti kupatula amene anakunena. Kawiri ndinafika pamsewu wawo n'kubwerera. Kachitatu ndinagogoda, chigumu chili m'manja.

Mayi Kamwendo anandilandira ndi ulemu wozizira, n'kuika mbale yanga patali pathebulo. Bambowo anali pampando pafupi ndi windo, ndevu zitayera, dzanja lamanja lili pamiyendo. Mawu awo ankatuluka mokoka. Titatha moni ndi kufunsana za kumudzi, anandifunsa ngati kanthu kaja kakadalipo. Ndinati kalipo, kanakula. Anandipempha kuti ndiwauzenso zimene ndinkafuna kunena tsiku lija anthu akuvala makhoti. Ndinawauza zonse monga anandiuzira a Ronda: za wamkulu wandevu amene amagwedeza mutu, ndi za wamng'ono amene amapepesa ndi dzanja. Ndili mkati molankhula ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka.

“Ndiye kuti kankandiona ngati gulo wamkulu,” anatero.

“Wamkulu kuposa onse amene kanawaonapo, bambo.”

Anapempha kuti tsiku lina adzawatengere kusitolo. Anabwera Loweruka lotsatira, akazi awo atawagwira mkono, nkhope ili yokana. Bambowo ndinawaimika pamaso pa thanki ya tiana tongofika kumene. Poyamba tianato tinangowayang'ana. Ndinawapempha kuti agwedeze mutu monga amachitira popemphera. Anagwedeza, ndipo kamodzi kanakweza dzanja, kenako kena, kenako kena kuseri kwa mwala. Mayi Kamwendo anabwerera m'mbuyo. Ndinawapempha kuti ayang'ane thanki ya wamkulu wamphongo, n'kuchotsa pepala lija, ndipo anaona okha kuti tianato tikuchitira buluzi mnzawo zomwezo zimene tinachitira amuna awo.

Amene analankhula anali bambowo, ndipo sankayang'ana ine koma akazi awo.

“Amayi, mankhwala a bipi aja ndinali nditasiya kumwa kalekale ndisanagwe. Ndinkawataya. Ndinkati ndachira ndi pemphero. Nditagwa ndinachita manyazi kukuuzani, ndipo nditamva zimene anthu akunena za mayiwa ndinangokhala chete, poti zinkandiphimba.”

Mayi Kamwendo anakhala pansi pa katoni ya tinkhululu. Sanandipepese tsiku limenelo, ndipo ine sindinayembekeze. Anangofunsa amuna awo, motsitsa mawu, ngati tsopano akumwa. Potuluka, bambowo anaima pathanki paja, n'kuyamba kukweza dzanja lawo lodwala monga ankawaphunzitsira kuchipatala, pang'onopang'ono, likunjenjemera, mpaka linafika paphewa. Analitsitsa n'kundiyang'ana. Sindinawafunse tanthauzo lake, chifukwa tsopano tonse atatu tinkalidziwa.

2018 mpaka kupuma ntchito

Chilimwe chotsatira Amalawi a ku South Bend ndi a ku Indianapolis anakumana pamodzi kupemphera ndi kudya m'paki ina. Tadala anachita kundikakamiza, ndipo ndinakhala kumapeto kwa benchi, makiyi a galimoto ali m'manja. A Kamwendo anapempha kuti awaimiritse. Pamaso pa onse ananena za mankhwala aja, ndi za mkazi wamasiye amene anasenza katundu wosakhala wake, ndipo ananditchula dzina. Ena anaweramitsa mitu, ena anayang'ana kumbali, ndipo ndikudziwa kuti alipo amene mpaka lero sangalowe m'nyumba muli buluzi. Nthawi ya chakudya itakwana, mbale yanga ya chigumu inakhala payokha monga kale. Kenako Mayi Kamwendo ananyamuka, anatenga mpeni, anadula chigawo chachikulu n'kudyera pomwepo ali chiimire. Anati shuga ndinachepetsa, ndipo anadulanso china cha amuna awo. Pobwerera kunyumba mbale inali yopanda kanthu.

Ndinapuma ntchito chaka chotsatira, mawondo atakana kugwada pa mathanki apansi. Ndinabwerera ku South Bend kwa Tadala, ndipo nyumba yathu inalowanso pa kasinthasintha. Zaka zimene ndinakhala ndekha sizinabwerere, ndipo mtima wosakhazikika uja sunachoke wonse, ndimadzukabe kukaona nyale ngakhale ndikudziwa kuti ikuyaka. Kamzime wakalamba, amakonda kugona pamwala wake. Loweruka la mapemphero thanki yake siichoka pabalaza, ndimangopempha ogwedeza mutu kuti aime chapatali, chifukwa tsopano iye sapepesa, amabwezera.

Ana anga ndi adzukulu anga, Mulungu amene analenga zazikulu ndi zokwawa akusungeni kulikonse kumene ntchito idzakutengereni. Akupatseni maso oona wamng'ono amene akukuopani, ndi mtima wowerama kuti mumufikire cham'mbali. Akutchinjirizeni ku dzina loipa, ndipo likakugwerani popanda chifukwa, akulimbitseni kuti musaligule ndi bodza. Mtendere umene ine ndinkausaka nyumba ndi nyumba ukupezeni inu muli pakhomo panu. Ameni.